Liu lakuti "komboni" linayenda ulendo wautali lisanafike mu Lusaka

Munthu akaima pa sitesheni ya mabasi ya Kulima Tower kapena ya Lumumba dzuwa likulowa, nafunsa anthu kumene akupita, ambiri adzamuyankha kuti akubwerera ku komboni. Ena adzachula dzina lenileni la malowo: Kanyama, Chawama, George, Mtendere, Kalingalinga. Liuli ndi lozolowereka kotero kuti ana obadwira mu mzinda wa Lusaka amaliyesa la Cinyanja ceniceni. Koma linacokera ku liu la Cingelezi lakuti "compound", ndipo Angelezi nawonso anacita kubwereka kwa anthu a kutali kwambiri.

Akatswiri ambiri ofufuza ciyambi ca mau amagwirizana kuti gwero lake ndi liu la cinenero ca Cimalay lakuti "kampung", lomwe limatanthauza mudzi kapena nyumba zomangidwa pamalo amodzi. Cineneroci cimalankhulidwa ku Malaysia ndi ku Indonesia. Amalonda a ku Ulaya, makamaka Apwitikizi, Adachi ndi Angelezi, analimva liuli m'madoko a kumeneko pamene anali kugula tsabola ndi zonunkhiritsa zina. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, Angelezi anali atayamba kulilemba m'makalata ao ponena za malo ochingidwa ndi mpanda m'mene munali nyumba zao ndi nkhokwe za katundu. Buku lochuka la mau a Cingelezi ca ku India lochedwa Hobson-Jobson, lolembedwa ndi a Henry Yule ndi a Arthur Burnell, lomwe linatuluka mu 1886, linafotokoza mbiri imeneyi mwatsatanetsatane.

Pali liu lina la Cingelezi lolembedwa cimodzimodzi, lija ana a sukulu amaphunzira mu sayansi ponena za zinthu ziwiri zosakanizidwa, monganso alimi amalionera pa thumba la feteleza wa D Compound. Limenelo linacokera ku Cilatini ndipo palibe ubale pakati pa awiriwa. Angelezi anangopotoza "kampung" kuti limveke ngati liu lomwe analidziwa kale. Palibenso ubale ndi dzina la amishoni a Cikatolika a Comboni, amene amachedwa ndi dzina la bishopu wa ku Italy, Daniel Comboni, yemwe anamwalira ku Khartoum mu 1881.

Ku India liuli linalibe manyazi alionse. Mzungu wa udindo waukulu anali kukhala mu "compound" yake, kutanthauza nyumba, bwalo, maluwa ndi mpanda wozungulira. Tanthauzo linasintha pamene liuli linafika kum'mwera kwa Africa.

Mpanda wa ku migodi

Miyala ya dayamondi itapezeka ku Kimberley, m'dziko la South Africa, mu 1871, amuna zikwizikwi anakhamukira kumeneko kukafuna nchito. Kuyambira mu 1885 makampani a migodi anayamba kutsekera anchito acikuda m'malo ozunguliridwa ndi mpanda wautali wa malata. Munthu akalowa sanali kutulukanso mpaka nthawi ya pangano lake itatha. Cakudya anali kugula m'sitolo ya kampani m'kati momwemo, ndipo pa tsiku lotuluka anali kumusecha thupi lonse poopa kuti wabisa mwala. Malo amenewa ndi amene anachedwa "compound". Mpanda umene ku India unali kuchinga alendo kuti asalowe, ku Kimberley unali kuchinga eni ake kuti asatuluke.

Dongosololi linafalikira ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, ku Southern Rhodesia, kenaka ku Broken Hill, komwe tsopano ndi Kabwe, ndi ku migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt. Liu linayenda pamodzi ndi anchito. Azulu analichula kuti "inkomponi", ndipo amuna ocokera ku Fort Jameson, Petauke ndi Nyasaland amene anapita kukagwira nchito kum'mwera anabwera nalo kwao. Popeza mau a Cinyanja amathera pa lembo la liu monga a, e, i, o kapena u, zilembo zakumapeto za Cingelezi zinagwa ndipo panatsala "komboni".

Lusaka inayamba ngati kasitesheni ka njanji mu 1905, ndipo inakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935. Mapulani oyamba a likululi anajambulidwa mu 1931 ndi katswiri wa ku Britain, a Stanley Adshead, ndipo anali a mzinda wa misewu yotakata ndi mitengo yambiri wokhalamo Azungu. Munthu wacikuda anali kuonedwa ngati mlendo wobwera kudzagwira nchito cabe, woyenda ndi citupa, amene kwao ndi kumudzi. Lamulo linali lakuti womulemba nchito ndiye azimupezera pogona. Motero komboni inali malo a bwana, ndipo nchito ikatha, nyumbanso yatha.

Ici ndiye cifukwa cake makomboni ambiri akale ali ndi maina a anthu ndi makampani. John Laing ndi John Howard anali makampani omanga a ku Britain amene anaika misasa ya anchito ao kum'mwera kwa mzinda. Marrapodi ndi dzina la munthu wa ku Italy amene anali kuocha laimu m'zaka zoyambirira za Lusaka. Chawama inali kudziwika kuti Roberts. George inatenga dzina la mwini malo, a George Hadjipetrou. Eni mapulazi a kunja kwa malire a khonsolo anaona kuti kulola anthu kumanga tinyumba ta zidina pa nthaka yao n'kumatolera lendi kunali kopindulitsa kuposa kulima cimanga. Nayo Misisi, malinga ndi mbiri yofala pakati pa okhalamo, ndi liu la Cingelezi lija lonena za mkazi wokwatiwa, pakuti mwini malowo anali mai wacizungu amene anchito anali kungomuchula kuti misisi.

Matero ili ndi mbiri yosiyana. Inamangidwa ndi khonsolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, pambuyo pa lamulo la mu 1948 lomwe linakakamiza makhonsolo kumanga nyumba za anchito acikuda okhala ndi mabanja ao. Ili ndi misewu yoyalidwa mwa dongosolo ndi nyumba za manambala. Ngakhale ndi tero, pakamwa pa anthu nayonso ndi komboni. Apa liuli linali litasiya kunena za mpanda kapena za bwana, n'kuyamba kunena za kulikonse kumene anthu wamba amakhala mothithikana.

Kumayadi

Mbali ina ya mzinda ili ndi liu lakelake, nalonso locokera ku Cingelezi. Kabulonga, Rhodes Park, Woodlands ndi Longacres anthu amakucha kumayadi. Liu lakuti "yard" ndi lakale kwambiri m'Cingelezi, ndipo zaka zoposa 1,000 zapitazo linali kulembedwa kuti "geard", kutanthauza malo ochingidwa ndi mpanda. Ndi la mtundu umodzi ndi "garden", dimba. Yadi ija amayezera nsalu m'masitolo a ku Kamwala ndi liu linanso, locokera ku dzina lakale la ndodo.

Cotero "compound" ndi "yard" poyamba anali kunena cinthu cimodzi, malo okhala ndi mpanda. Mu Lusaka mau awiriwa anapatukana mpaka kukhala otsutsana. Mu nthawi ya atsamunda munthu wacikuda anali kulowa kumayadi ngati wophika kapena wosamalira maluwa, n'kumagona m'kanyumba ka kuseri. Ufulu utabwera mu 1964, nduna ndi akuluakulu a boma ndi a makampani analowa m'nyumba zazikulu zija, ndipo anthu anawapatsa dzina lakuti apamwamba. Khungu la okhalamo linasintha koma liu linatsala. Lero kunena kuti mwana ndi wa kumayadi ndiko kunena kuti analeredwa mofewa ndipo amalankhula Cingelezi kunyumba, pamene kunena kuti wina ali ndi makhalidwe a ku komboni kawirikawiri kumakhala kunyoza. Coseketsa n'cakuti komboni ina yaikulu kumpoto kwa mzinda dzina lake ndi Garden, m'bale wake wa yadi.

Cimene liu linabisa

Malamulo oletsa kuyenda atacotsedwa, anthu anadza ku Lusaka mwaunyinji. Kalembera wa mu 1963 anapeza anthu pafupifupi 123,000, ndipo wa mu 1969 anapeza oposa 260,000. Khonsolo sinathe kumanga nyumba zokwanira, cotero anthu anadzimangira okha pa malo akale a mabwana. M'makalata a boma malowa anali kuchedwa a "squatters", liu lomwe gwero lake ndi kunjuta, kukhala conyonyomala ngati munthu amene adzanyamuka posacedwa. Ku Australia liu lomweli linafika potanthauza alimi olemera a nkhosa amene anatenga nthaka popanda cilolezo, koma ku Lusaka linali la osauka.

Maganizo akuti komboni ndi malo ongoyembekezera anali ndi zotsatira zooneka ndi maso. Malo amene boma limawaona ngati msasa silikumbako ngalande, siliyalako mapaipi a madzi ndiponso silisiya malo a sukulu kapena cipatala. Kanyama inakula pa thanthwe la laimu pamene madzi a pansi ali pafupi, ndipo mu 1978 madzi osefukira anagwetsa nyumba zambiri kumeneko. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2017 unabuka ku komboni ya Chipata n'kufalikira kwambiri ku Kanyama, kumene zitsime zosazama zili moyandikana ndi zimbudzi zokumba. Unabweranso mwamphamvu mu 2023 ndi 2024, ndipo bwalo la masewera la Heroes linasandutsidwa cipatala.

Boma linayesa njira zingapo. Mtendere inatsegulidwa mu 1967 ngati malo amene anthu anali kupatsidwa mapuloti opimidwa kuti adzimangire, ndipo ena mwa oyamba kukhalako anacokera ku Kalingalinga. Mu 1974 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lozindikira makomboni ena ngati malo oyenera kutukulidwa, ndipo eni nyumba anayamba kulandira cikalata cowalola kukhalapo kwa zaka 30. Caka comweco World Bank inapereka ngongole yoikira madzi ndi misewu ku George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi lina la mapulani a mizinda mu 2015. Ziwerengero za mabungwe oona za malo okhala zimaonetsa kuti anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse mu Lusaka, mzinda umene kalembera wa mu 2022 anaupeza ndi anthu oposa 2 miliyoni, amakhala m'malo amene anakula popanda mapulani.

Kumene liu linabadwira, nkhani inayenda mofanana. Ku Jakarta, mzinda waukulu wa Indonesia, "kampung" lero ndi dera lothithikana la anthu wamba m'kati mwa mzinda. Akuluakulu a kumeneko anayamba nchito yokonza maderawa mu 1969, ndipo World Bank inayamba kuithandiza mu 1974, caka cimodzimodzi ndi Lusaka. Ku America zinthu zinapita kwina: nyumba za banja lolemera la a Kennedy ku Hyannis Port zimachedwa Kennedy Compound, ndipo liuli kumeneko limanunkhira cuma.

Mu Lusaka liuli likusinthabe. Oimba ambiri a nyimbo za acinyamata amanena monyadira kuti anakulira ku komboni, ndipo wailesi ina ya mu mzindawu inasankha kudzicha Komboni Radio. Ku Kalingalinga, kumene nthaka yakwera mtengo cifukwa coyandikana ndi yunivesite ya Zambia ndi masitolo akuluakulu, kuli nyumba za mabuloko zokhala ndi mpanda wa njerwa ndi geti ya citsulo zimene sizisiyana ndi za kumayadi. Akuluakulu a boma polankhula pa misonkhano amakonda kunena kuti "township" kapena "settlement" popewa liu lakale.

Kusintha maina mwa lamulo kunatheka pena, pena kunakanika. Roberts inaiwalika ndipo Chawama inakhazikika. George inapatsidwa dzina lakuti Mwaziona, koma makondakitala a mabasi opita kumeneko amaitanirabe okwera kuti George.