Setilaiti Inaona Zomwe Maso Sanaone ku Karonga

Mu Disembala 2009 anthu a ku Karonga ankagona panja. M'masabata awiri okha kunachitika zivomezi zinayi zoposa mphamvu ya 5.5, nyumba zambirimbiri zinagwa kapena kung'aluka, ndipo anthu anayi anataya miyoyo. Funso la akatswiri a miyala linali lakuti chasuntha n'chiyani. Wokayikiridwa woyamba anali wodziwika kale: mng'alu waukulu wa Livingstone, womwe uli m'tsinde mwa mapiri a kutsidya kwa nyanja, mbali ya Tanzania.

Koma sunali umenewo. Gulu lotsogozedwa ndi Juliet Biggs, katswiri wa ku Britain, linaunika zithunzi za setilaiti ndipo mu 2010 linafalitsa zomwe linapeza. Nthaka inathyoka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwa mng'alu wa Livingstone, pansi pa chigwa chomwe anthu amalima ndi kumangapo, ndipo kuthyokako sikunapitirire makilomita 6 kuya kwake. N'chifukwa chake zivomezi zapakatikati chabe zinawononga chonchija: zinachitikira pafupi ndi mapazi a anthu.

Njira yomwe anagwiritsa ntchito imatchedwa InSAR. Setilaiti yake sijambula ngati kamera. Imaponya mafunde a wailesi pansi, n'kumvetsera akamabwerera atagunda nthaka, mwala kapena denga la malata. Mafundewa amadutsa mitambo ndipo safuna dzuwa, choncho usiku kapena kukachita mitambo ntchito imapitirira.

Chinsinsi chili pa kudutsa kawiri. Fundelo limakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ndipo makina amalemba pomwe linali m'kayendedwe kakeko pa nthawi yomwe labwerera. Setilaiti ikadutsanso pamalo omwewo patatha masiku, n'kupeza kuti fundelo labwerera lili pena, ndiye kuti mtunda wa pakati pa setilaiti ndi nthaka wasintha. Kompyuta imachotsa zomwe zadza chifukwa cha mapiri ndi kusiyana kwa njira ya setilaiti, ndipo chotsala chimaoneka ngati mizere ya mitundu ya utawaleza yozungulira malo omwe asuntha. Pa setilaiti za Sentinel-1, zomwe fundelo ndi lotalika masentimita 5.6, kuzungulira kumodzi kwa mitunduyo kumatanthauza kuti nthaka yayandikira kapena kutalikira ndi masentimita 2.8, theka la funde, poti limayenda ulendo wopita ndi wobwerera. Munthu amangowerenga mizere. Ikakhala khumi, nthaka yasuntha masentimita 28. Ikathithikana, pamenepo ndi pomwe yapindika kwambiri. Ndipo zonsezi zikuyezedwa kuchokera pa mtunda wa makilomita pafupifupi 700 m'mwamba.

Chithunzi chomwe chinatchukitsa njirayi chinatuluka mu 1993 m'magazini ya Nature. Didier Massonnet ndi anzake a ku France anaonetsa momwe chivomezi cha ku Landers, ku California, chinasunthira nthaka mu 1992, pogwiritsa ntchito setilaiti ya ERS-1. Nthawi imeneyo zithunzi zinali zosowa. Zinthu zinasintha mu 2014 pomwe mayiko a ku Ulaya anaulutsa Sentinel-1A, yobwerera pamalo amodzi masiku 12 aliwonse, ndipo zithunzi zake aliyense angazitenge pa intaneti osalipira kanthu.

Pali chinthu chimodzi choyenera kunena mosapsatira, poti nkhani za sayansi zimakonda kukokomezedwa: InSAR silosera tsiku la chivomezi. Palibe makina omwe amatha zimenezo. Mphamvu yake ili pa zinthu zoyenda pang'onopang'ono. Madera ena a Mexico City akumira masentimita ofika 50 pachaka chifukwa chopopa madzi ambiri apansi. Ku Kenya, phiri la Longonot, lomwe anthu ankaliyesa logona, linafufuma masentimita 9 pakati pa 2004 ndi 2006 popanda aliyense wokhala pafupi kumva kanthu. Phiri la Nyiragongo litaphulika pa 22 Meyi 2021, zithunzi za setilaiti zotere zinathandiza kuonetsa kuti chiphalaphala chamoto chikuyenda pansi pa nthaka kulowera ku mzinda wa Goma ndi Nyanja ya Kivu, ndipo patatha masiku asanu akuluakulu analamula kuti anthu a mbali zina za mzindawo asamuke.

Nkhani yowawa ndi ya mudzi wa Xinmo m'chigawo cha Sichuan ku China. Pa 24 Juni 2017 phiri linagumukira mudziwo ndipo anthu oposa 80 anafa kapena kusowa. Ofufuza atabwerera ku zithunzi za Sentinel-1, anapeza kuti chitunda chija chinali chikutsetsereka kwa miyezi, ndipo chinawonjezera liwiro m'masabata omaliza. Chenjezo linalipo m'zithunzi, kungoti linawerengedwa maliro atachitika kale. Ine ndimaona kuti vuto lalikulu lagona pamenepa, makamaka kwa mayiko ngati athu omwe ali m'chigwa cha Rift Valley. Zithunzi n'zaulere, koma pamafunika munthu wophunzira ntchitoyi, kompyuta yamphamvu, intaneti yodalirika, ndiponso ofesi yomwe ingamumvere akanena kuti chitunda chakuti chayamba kuyenda.

Tisaiwalenso malire ake. Matope ndi miyala zomwe zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe pa nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023 zinayambitsidwa ndi mvula ya masiku ochepa. Setilaiti yobwera kamodzi pa masiku 12 singathamange nazo zotere; pamenepo chothandiza ndi kuyeza mvula ndi kusamanga m'njira za madzi. Zomera nazonso zimasokoneza. Chimanga chikakula kapena mitengo ikaphuka masamba pakati pa zithunzi ziwiri, mafunde aafupi amabwerera osokonekera ndipo mizere ija imasanduka madonthomadontho. Pa chifukwa chimenechi madera a m'tauni ndi a miyala amayezeka bwino kuposa minda ya m'dzinja. Setilaiti ya NISAR, yomwe America ndi India anaulutsa mu Julayi 2025, ili ndi mafunde otalika masentimita 24 omwe amadutsa masamba n'kukafika pa nthaka, ndipo zithunzi zakenso zinakonzedwa kuti zizipezeka kwaulere.