Anakana Mulungu chifukwa cha nkhanza za dziko, anabwerera chifukwa cha funso

Ndikamva mlaliki akunena kuti osakhulupirira Mulungu ndi zitsiru, ndimakumbukira wolemba mabuku C.S. Lewis. Anabadwira ku Belfast mu 1898. Ali ndi zaka 9 anapempherera mayi ake odwala khansa, koma maliro anachitikabe. Mu 1918 anavulala kunkhondo ku France. Ndani angamudzudzule kuti anataya chikhulupiriro?

Mlandu umene ankaimba Mulungu unali wakuti dzikoli ndi lankhanza, lopanda chilungamo. Koma mlanduwo unamutembenukira. Ngati zonse zinangochitika mwangozi, muyeso wa chilungamowo anautenga kuti? Ine ndimaganizira za pamsika: sungakalipire wogulitsa kuti wakubera pasikelo ngati kilogalamu yeniyeni kulibe.

Osakhulupirira amayankha kuti chikumbumtima chinakula chifukwa anthu osathandizana sakanapulumuka. Yankholi si lopepuka, ndipo Akhristu ena amalithawa. Komabe limangofotokoza chifukwa chake nkhanza zimatiwawa, osati chifukwa chake nkhanza n'zoipadi. Apa m'pamene ine ndimaima mbali ya Lewis.

Mu Seputembala 1931, ku Oxford, Lewis anacheza mpaka pakati pa usiku ndi anzake J.R.R. Tolkien ndi Hugo Dyson. Patapita masiku ochepa anavomera kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu.

Chikhristu sichinamutchinjirize ku misozi ayi. Mu 1960 khansa inatenganso mkazi wake, Joy Davidman. M'buku la A Grief Observed anakangana ndi Mulungu mosabisa mawu, koma anamwalira mu 1963 ali Mkhristu.