Kachirombo kolimbana ndi khansa ya mu ubongo

Achinyamata anzathu, tikamva mawu akuti kachirombo ambirife timangoganiza za matenda ndi maliro. Koma akatswiri a sayansi akusandutsa tizirombo tina kukhala mankhwala a khansa ya mu ubongo yotchedwa glioblastoma. Chotupa chimenechi chimakula msanga, ndipo ngakhale madokotala achichotse pa opaleshoni, nthawi zambiri chimameranso.

Kodi kachirombo kangathandize bwanji? Kachirombo ka mtundu wa vayirasi kamalowa m'maselo a thupi n'kumaswana momwemo mpaka selo kufa. Akatswiri amakasintha kuti kaziswana m'maselo a khansa, n'kusiya maselo abwino, kenaka amakabayira m'kati mwa chotupa. Maselo a khansa akamaphulika, asilikali a m'thupi amadzidzimuka n'kuyamba kulimbana ndi chotupacho.

Pa yunivesite ya Duke ku America adagwiritsa ntchito kachirombo ka poliyo kofooketsedwa, kofanana ndi kamene kali mu katemera wa madontho uja ana athu adalandira m'chaka cha 2022. Adakawonjezera kachigawo ka kachirombo ka chimfine kuti kasapuwalitse munthu. Zotsatira za m'chaka cha 2018 zidaonetsa kuti mwa odwala 61, pafupifupi mmodzi pa asanu alionse anali akadali moyo patatha zaka zitatu. M'chaka cha 2021, dziko la Japan lidalola mankhwala otchedwa Delytact, opangidwa kuchokera ku kachirombo koyambitsa zilonda za pamilomo.

Tisapupulume. Njirayi ikuthandiza odwala ena kukhala ndi moyo nthawi yotalikirapo, koma siichiziratu, ndipo kuno ku Malawi siinafike. Katemera wa poliyo sachiza khansa; ntchito yake ndi kuteteza ana kuti asapuwale. Wina akamagulitsa mankhwala otere pamsika, dziwani kuti akufuna ndalama zanu basi.

Chimene tingachite ife ndi kuthamangira kuchipatala. Mutu wosaleka wobwera ndi kusanza, kugwa ngati khunyu kwa munthu amene sadadwalepo matendawa, kufooka mbali imodzi ya thupi kapena kusaona bwino, zonsezi si zodikira nazo. Sikuti nthawi zonse ndi khansa: kwa amene ali ndi HIV akhoza kukhala matenda oumitsa khosi, omwe ali ndi mankhwala. Tiyambire pa chipatala cha Thambani, ndipo iwo adzatitumiza ku Mwanza kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre ngati n'kofunika.

Tiyeni tikambirane nkhaniyi m'makalabu athu, tiwafotokozerenso makolo kunyumba.