Kodi Mumadziwa? Ndege Ikamatera M'chifunga

Kodi mumadziwa kuti woyendetsa ndege akalowa mumtambo amasiya kukhulupirira thupi lake? Timadzi ta mkati mwa khutu, tomwe timatiuza ngati taima mowongoka kapena tapendama, timanama maso akasowa choyang'ana. Ndege imatha kupendekera mbali imodzi pang'onopang'ono iye akumva ngati zonse zili bwino. N'chifukwa chake amamuphunzitsa kumvera zida zomwe zili patsogolo pake basi. Jimmy Doolittle ndiye adayamba kusonyeza kuti n'zotheka: pa 24 September 1929 adanyamuka n'kuteranso pa Mitchel Field ku New York, pomwe adakhalapo atapaphimba ndi chinsalu kuti asaone kunja.

Nanga mumadziwa kuti mlengalenga muli njira yotsetsereka yosaoneka ndi maso? Amaitchula ILS. Pabwalo pamakhala makina awiri otumiza mauthenga a wailesi. Ena amauza ndege ngati yakhotera kumanzere kapena kumanja kwa msewu wotera, enawo amaiuza ngati ili pamwamba kwambiri kapena yatsika mopyola. Kutsetsereka kwake nthawi zambiri ndi madigiri 3 okha.

Koma njirayi ili ndi polekezera. Pa ILS wamba, ndege ikatsika kufika mafiti 200, pafupifupi mamita 60 kuchokera pansi, woyendetsa ayenera kukhala ataona msewu kapena magetsi ake. Akapanda kuwaona, palibe zoti "titsikeko pang'ono, mwina tiona". Amawonjezera moto n'kukweranso. Kumbuyoku injini zikabangula anthu amagwiritsa mipando, ena ayamba kale pemphero, chonsecho njira yokwerera idajambulidwa kale pa mapu a bwalolo ndipo oyendetsa awiri a ndegeyo adaikambirana asanayambe kutsika.

Manambala akuluakulu olembedwa kumapeto kwa msewu wa ndege amatchula mbali ya kampasi yomwe msewuwo waloza. Pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, uku kwalembedwa 14, uko 32: madigiri pafupifupi 140 ndi 320. Msewu ndi umodzi womwewo, dzina limatengera komwe mukuchokera.

Pawailesi, a pansanja yoyang'anira ndege akalamula, woyendetsa sangoti "chabwino". Amabwereza lamulolo, kutalika kwake ndi nambala ya msewu, kuti ngati wamva molakwa amukonze pompo. Ngakhale 9 amamutchula "niner" kuti asamveke ngati 5 wailesi ikamachita phokoso.

Kukhwimitsa mawu kwina kudabwera pambuyo pa maliro. Pa 27 March 1977, pabwalo la Los Rodeos pachilumba cha Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zidawombana pamsewu m'chifunga. Kaputeni wa KLM adayamba kuthamangitsa ndege akuganiza kuti aloledwa kunyamuka, ya Pan Am isanapatuke. Anthu 583 adafa. Kuyambira pamenepo mawu oti "takeoff" amatchulidwa pokhapokha chilolezo chenicheni chikuperekedwa kapena kuchotsedwa. Pa zokambirana zina zonse amati "departure".

Mawu osanenedwa nawonso amapha. Pa 25 January 1990, ndege ya Avianca yochokera ku Colombia idazungulira mlengalenga kwa nthawi yopitirira ola ikudikira mpata wotera ku New York. Oyendetsa adanena kuti mafuta akutha, adapempha kuti awaganizire msanga, koma sadatchule "Mayday" kapena "emergency", mawu amene akadachititsa a pansi kuwapatulira ndege zina zonse. Atalephera kutera koyamba, injini zidazima, anthu 73 n'kufa. Kwa ine nkhani iyi ndiyo yowawa kwambiri, chifukwa ulemu wosafuna kuvutitsa anthu timaudziwa tonsefe.

Nanga wailesi ikafa? Woyendetsa amaika nambala 7600 pa kachipangizo kodziwitsa ndege, ndipo pa radar a pansi amadziwa kuti uyu sakumva. Ya 7700 ndi ya ngozi, ya 7500 ndi ya ndege yolandidwa. Woyendetsa amene wailesi yake yafa akayandikira bwalo, wa pansanja amatenga nyali yamphamvu n'kuilozetsa kwa iye pawindo. Ikayaka mofiira osathima, azingozungulira kaye. Ikayaka mobiriwira osathima, atere.