Liwu Lakuti "Lupanga" ndi Chida cha Azungu Akale

Omasulira mabuku a mbiri ya ku Ulaya amapunthwa pa chida chimene Angerezi amachitcha longsword. Ambiri amafulumira kulemba kuti "lupanga lalitali", koma ife tikuona kuti kutero nkusokeretsa woŵerenga.

Chidachi chinafala pakati pa zaka za 1350 ndi 1550. Chinali chakuthwa konsekonse, cholemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chigwiriro chake chinkakwana manja aŵiri. M'chiphunzitso cha Johannes Liechtenauer, mawu a Chijeremani akuti langes Schwert ankanena za kagwiridwe: manja onse pachigwiriro. Munthu akakumana ndi mdani wovala zachitsulo, ankagwira lupanga pakati ndi dzanja lamanzere kuti abaye bwino m'mipata ya zovalazo, ndipo lupanga lomwelo linkatchedwa "lalifupi" ngakhale kuti utali wake sunasinthe.

Liwu lathu lakuti lupanga ndi lachibantu, mbale wake wa upanga wa m'Chiswahili. Lu- wakumayambiriroyo ndi chotsalira cha gulu la mayina limene m'Chicheŵa linameredwa ndi gulu la Li-Ma. Nchifukwa chake timati malupanga. Komabe chida chenichenicho ambiri amangochimvera m'Baibulo. Ku Chiradzulu, pa 23 Januwale 1915, anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone ku Magomero ndi mikondo ndi nkhwangwa. Mdzukulu wawo akamva "lupanga lalitali" amaona chikwanje chotalika, chotemera ndi dzanja limodzi. Ife tikadakonda kuti omasulira azilemba "lupanga la manja aŵiri".