Odwala Opanda Zikalata ku South Africa: Kodi Malamulo Akuti Ciani?

Mabungwe omenyera ufulu wa anthu m'dziko la South Africa akhala akulimbikitsa boma kuti munthu aliyense wodwala azilandira cithandizo m'zipatala za boma, kaya ali ndi zikalata zomuloleza kukhala m'dzikomo kaya alibe. Nkhaniyi ikukhudzanso mabanja a muno mu Zambia, ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe amene abale ao anapita kukafuna nchito ku Johannesburg, ku Pretoria ndi ku Durban.

Kalembera wa m'caka ca 2022 anapeza kuti dzikolo lili ndi anthu pafupifupi 62 miliyoni, ndipo mwa iwo anthu pafupifupi 2.4 miliyoni anabadwira kunja. Ambiri mwa alendowa ndi ocokera ku Zimbabwe, Mozambique, Lesotho ndi Malawi. Ena ali ndi zikalata zokwanira, ena zikalata zao zinatha nthawi, pamene ena analowa m'dzikomo popanda cikalata ciliconse.

Zimene malamulo akunena

Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa, amene anakhazikitsidwa mu 1996, likupereka ufulu wolandira cithandizo ca zaumoyo kwa munthu aliyense, osati kwa nzika zokha. Gawo lomwelo likuletsa kubweza munthu amene akufunika cithandizo ca mwadzidzidzi. Lamulo lina la zaumoyo la mu 2003, lochedwa National Health Act, likuti amai apakati, amai oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa kwaulere m'zipatala za boma.

Koma mu 2020, cigawo ca Gauteng cinatulutsa ndondomeko imene inacititsa kuti zipatala zina ziyambe kulipiritsa amai ocokera ku maiko ena asanaonane ndi dokotala. Bungwe la maloya la SECTION27 linatengera nkhaniyi ku bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg. Mu April 2023, bwalolo linalamula kuti amai onse apakati ndi oyamwitsa, pamodzi ndi ana osakwana zaka 6, azithandizidwa kwaulere mosayang'ana dziko limene anacokera kapena zikalata zimene ali nazo. Linalamulanso kuti zikwangwani zofotokoza ufuluwu zipacikidwe m'zipatala za boma.

Kutsekereza odwala pa cipata

Ngakhale malamulo ali tero, odwala ambiri akhala akukumana ndi zovuta. Mu August 2022, Dr Phophi Ramathuba, amene panthawiyo anali kuyang'anira zaumoyo m'cigawo ca Limpopo, anajambulidwa pa kanema akudzudzula mai wa ku Zimbabwe amene anali cigonere m'cipatala ca Bela-Bela. Iwo anauza wodwalayo kuti alendo akulemetsa zipatala za m'cigawoco. Mwezi womwewo, mamembala a gulu la Operation Dudula, limene linayambira ku Soweto mu 2021, anasonkhana pa cipata ca cipatala ca Kalafong kufupi ndi Pretoria ndi kumabweza anthu amene anali kuwaganizira kuti ndi alendo.

Mcitidwewu unakula mu 2025, pamene magulu otere anali kuima pa zipata za makiliniki ku Gauteng ndi ku KwaZulu-Natal ndi kumafunsa odwala zitupa. Mu November caka comweco, bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linaletsa Operation Dudula kutsekereza anthu kulowa m'zipatala. Bwalolo linati apolisi ndi ogwira nchito yoona za olowa ndi kutuluka m'dziko ndiwo okha ali ndi mphamvu yofunsa munthu zikalata zake. Mlanduwo unabwera ndi bungwe la Kopanang Africa Against Xenophobia pamodzi ndi mabungwe anzake.

Lamulo latsopano la inshuwalansi

Pa 15 May 2024, mtsogoleri wa dzikolo a Cyril Ramaphosa anasaina lamulo la National Health Insurance, limene colinga cake ndi kukhazikitsa thumba limodzi la boma lolipirira cithandizo ca odwala. Lamuloli likuti munthu wamkulu wopanda zikalata, ngakhalenso amene akudikira yankho pa pempho lake lokhala ngati wothawa kwao, adzalandira cithandizo ca mwadzidzidzi ndi ca matenda amene boma liyenera kudziwitsidwa akabuka, basi. Ana onse, kuphatikizapo a alendo, adzalandira cithandizo coyambirira.

Apa ndi pamene pagona dandaulo la omenyera ufulu. Iwo akuti lamuloli likucepetsa cithandizo cimene alendo anali naco kale, cifukwa munthu wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi adzayenera kudikira mpaka matenda atafika poopsa kuti athandizidwe. Lamuloli litasainidwa, magulu ena a madokotala ndi a inshuwalansi anakalitsutsa ku mabwalo a milandu pa zifukwa zao zosiyana ndi izi.

Mfundo za mbali ziwiri

Amene akufuna kuti cithandizo cikhale ca nzika zokha akuti zipatala ndi zodzaza, anamwino ndi ocepa, ndipo mankhwala amatha msanga. Iwo akuti maboma a kumene alendowo anacokera ndiwo ayenera kusenza mtolowu.

Mabungwe monga Treatment Action Campaign ndi Médecins Sans Frontières akuyankha kuti mavuto a m'zipatala akucokera ku kucepa kwa ndalama ndi kusayendetsa bwino zinthu, ndipo matenda safunsa citupa. Wodwala cifuwa cacikulu amamwa mankhwala kwa miyezi 6. Akalekezera panjira cifukwa coopa kupita ku cipatala, amapatsira ena matendawo, ndipo nthawi zina amasanduka cifuwa cosamva mankhwala cimene cimadya ndalama zambiri pociza. Mai wapakati amene ali ndi kacirombo ka HIV akamamwa mankhwala a ARV amateteza mwana wake, ndipo mwana amene walandira katemera wa cikuku amatetezanso anzake a m'kalasi.

Ena akukumbutsanso mbiri ya ku migodi. Kwa zaka zambiri bungwe la Wenela linali kulemba amuna ocokera ku Barotseland, Nyasaland ndi Mozambique kukakumba golide ku Witwatersrand, ndipo ambiri anabwerera kwao atadwala cifuwa cacikulu ndi matenda a fumbi la mumgodi. Amene anawadwazika anali akazi ao ndi zipatala za kwao.

Malinga ndi zigamulo za mu 2023 ndi 2025, mai wapakati, mai woyamwitsa ndi mwana wosakwana zaka 6 sayenera kulipiritsidwa m'cipatala ca boma cifukwa cakuti ndi mlendo, ndipo munthu wamba alibe mphamvu yobweza wodwala pa cipata. Omenyera ufulu akuti nchito imene yatsala ndi kuonetsetsa kuti zimene oweruza analamula zikutsatiridwa pa kiliniki iliyonse.