Wansembe Wogwira Mbava: G.K. Chesterton ndi Bambo Brown

Makolo ambiri akaona mwana wawo akuwerenga buku la nkhani za kuba ndi kuphana amada nkhawa, ndipo nkhawa yawo njomveka. Komabe mwa alembi otchuka a nkhani zotere ku England, mmodzi anasankha wansembe wa Katolika kuti ndiye azifufuza milandu m'nkhani zake. Mlembiyo ndi Gilbert Keith Chesterton.

Chesterton anabadwa pa 29 Meyi 1874 ku Kensington, mumzinda wa London. Anaphunzira pa St Paul's School, kenaka nkuyamba maphunziro a zojambula pa Slade School, koma sanawamalize. Anayamba kulemba m'manyuzipepala, ndipo mu 1901 anakwatira Frances Blogg. Nthawi imeneyo n'kuti asali Mkatolika.

Mu 1904, ali m'chigawo cha Yorkshire, anakumana ndi wansembe wochokera ku Ireland, Bambo John O'Connor. Tsiku lina akuyenda pamodzi, wansembeyo anamufotokozera zoipa zina zimene anthu amachita mobisa, zoti Chesterton, ngakhale anali mtolankhani wa mumzinda waukulu, anali asanazimvepo. Atafika kunyumba anapeza ophunzira awiri a ku Cambridge amene anacheza bwino ndi wansembeyo. Iye atatuluka, anyamata aja anayamba kumumvera chisoni poti ati munthu wotere sadziwa kuipa kwa dziko. Chesterton anangotsala pang'ono kuseka. Munthu amene amakhala maola ambiri akumvetsera anthu olapa angalephere bwanji kudziwa mtima wa munthu? Ganizo lolemba za Bambo Brown linachokera pamenepa.

Bambo Brown ndi wansembe wamfupi, wa nkhope yozungulira, woyenda ndi ambulera yachabechabe, wooneka ngati wopusa. Nkhani yake yoyamba, The Blue Cross, inatuluka mu 1910. M'nkhaniyi mbava yotchuka, Flambeau, ivala mkanjo wa unsembe kuti ibe mtanda wasiliva wa miyala yamtengo wapatali umene Bambo Brown akupita nawo ku msonkhano wa Ukaristia ku London. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bambo Brown amukayikira msanga mnzake wapaulendoyo, ndipo m'njira monse achita zinthu zodabwitsa, monga kusinthanitsa mchere ndi shuga m'nyumba yodyera ndi kuswa zenera, kuti apolisi atsatire mapazi awo. Mtanda uja n'kuti atautumiza kale pa positi. Chimene chinamutsimikizira kuti mnzakeyo si wansembe n'chakuti ankanyoza nzeru za munthu ngati kuti zimatsutsana ndi chikhulupiriro, pamene Mpingo umaphunzitsa kuti ziwirizi zimachokera kwa Mulungu mmodzi.

Nkhani za Bambo Brown zinapitirira 50, ndipo zinasonkhanitsidwa m'mabuku asanu amene anatuluka mu 1911, 1914, 1926, 1927 ndi 1935. Wofufuza wina wotchuka, Sherlock Holmes wa m'mabuku a Arthur Conan Doyle, amadalira kupima phulusa la fodya ndi zidindo za nsapato. Bambo Brown amadziika m'malo mwa wolakwayo, nadzifunsa kuti ndi nsanje, mantha kapena umbombo wotani umene ungamufikitse iye mwini pochita tchimo lomwelo. Akalipeza yankho, wamupezanso munthuyo. Cholinga chake n'chakuti wolakwa atembenuke mtima, ndiye chifukwa chake Flambeau pambuyo pake aleka kuba, nasanduka bwenzi lake.

Phunziro lina likutikhudza kwambiri ife a m'mbali mwa nyanja. Ukonde ukasowa padoko, bwato likamira, kapena mwana akamwalira mwadzidzidzi, anthu ena amathamangira kwa sing'anga, ndipo kawirikawiri chala chimaloza nkhalamba yosauka yopanda woiteteza. M'buku la 1926, The Incredulity of Father Brown, anthu ophunzira kwambiri ndi amene amafulumira kunena kuti imfa yabwera ndi matemberero kapena mizimu. Wansembeyo, amene amakhulupirira Mulungu ndi zozizwitsa zenizeni, ndiye amakana kutengeka. Amafunsa mafunso wamba: adali pamalopo ndani, wapindula ndani, akunama ndani. Mseminale amene mawa adzakhale pa parishi ayenera kuphunzira kufatsa kotereku, chifukwa tsiku lina kungadzapulumutse moyo wa munthu wosalakwa.

Chesterton analowa mu Mpingo wa Katolika pa 30 Julayi 1922 ku Beaconsfield, kumene ankakhala, ndipo anamulandira ndi Bambo O'Connor omwe aja. Mkazi wake anamutsatira mu 1926. Analembanso mabuku a chikhulupiriro, monga Orthodoxy mu 1908, mbiri ya Fransisko Woyera wa ku Assisi mu 1923, The Everlasting Man mu 1925 ndi mbiri ya Tomasi Woyera wa ku Aquino mu 1933. Mu 1930 anakhala mtsogoleri woyamba wa Detection Club, gulu la alembi a nkhani za milandu, m'mene munalinso Agatha Christie, Dorothy L. Sayers ndi wansembe wina, Bambo Ronald Knox. Anamwalira pa 14 Juni 1936 ali ndi zaka 62.

Sanali munthu wopanda banga. Zina zimene analemba zokhudza Ayuda zinali zokondera ndi zopweteka, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zifukwa zimene Episkopi Peter Doyle wa ku Northampton anapereka mu 2019 pokana kuyambitsa ndondomeko yomutchula woyera. Koma Bambo Brown akadali moyo: Alec Guinness anasewera ngati iye m'kanema wa 1954, ndipo mu 2013 BBC inayamba kuonetsa masewero atsopano a nkhani zake.

Tsono makolo, mukaona mwana wanu ali ndi buku la Bambo Brown patchuthi, musamulande. Chingerezi chake n'cholimbako ndithu, choncho mum'limbikitse kukhala ndi dikishonale pafupi, ndipo akamaliza mum'pemphe akufotokozereni nkhaniyo m'Chichewa kapena m'Chiyao.